Musanagule ma ovaova a gulu lanu lolondera, mvani kaye izi

Achimwene, funso lanu ndalimva. Mwati gulu lanu lolondera usiku ku Lizulu latopa ndi akuba ng'ombe komanso okumba mbatatesi m'minda ya eni, netiweki ya foni imathawa mukangotsikira kumadimba, ndiye mwasonkherana ndalama zogulira ma ovaova, mawayilesi a m'manja olankhulirana, a mtundu wa Baofeng. Wogulitsa wakuuzani kuti amafika makilomita 50, ali ndi makodi achinsinsi ngati a asilikali, ndipo safuna chilolezo chilichonse. Pa zitatuzi palibe chimene mungatsamire, ndipo cha makodicho ndiye chikundidetsa nkhawa, chifukwa chikhoza kuvulazitsa anyamata anu. Kugula sindikukuletsani. Ovaova ndi chida chabwino kwa olondera: safuna mayunitsi, safuna nsanja ya kampani ya foni, ndipo mukadina batani kamodzi onse amamva nthawi yomweyo. Koma mugule mukudziwa chimene mwagula.

Za mtunda zili chonchi. Ka Baofeng UV-5R komwe kafala kwambiri kamatulutsa mphamvu ya mawati 4 kapena 5, ndipo kamagwira pa mafunde a VHF, kuyambira 136 mpaka 174 MHz, ndi a UHF kuyambira 400 MHz kupita m'mwamba. Mafunde amenewa amayenda molunjika, sakhota kuzungulira phiri. Anthu awiri ataimirira pachigwa chosalala, chopanda mtengo kapena nyumba pakati pawo, kupindika kwa dziko lenilenilo kumawatsekereza pa makilomita 10 kapena chapompo. Nanga kwathu kuno chigwa chosalala muchipeza kuti? Kuchokera ku Bembeke kukafika ku Tsangano ndi zitunda ndi zigwembe zokhazokha. Wina ali kukhola pamtunda, mnzake ali kudimba kuseri kwa chitunda, akhoza kulephera kumvana pa kilomita imodzi yokha. Makilomita 50 aja ndi otheka ngati mmodzi wakwera pamwamba pa phiri la Dedza, lotalika mamita 2,198, ndipo mnzakeyo ali poti phirilo akuliona ndi maso. Choncho chimene chimagwira ntchito kwambiri ndi kukwera pamwamba, osati kuchuluka kwa mawati. Amene akukugulitsani ya mawati 8 pa mtengo wokwera akukupatsani batire yotha msanga, mtunda wowonjezerekawo ndi wochepa zedi. Ndalama imeneyo bola mugulire eriyo yaitali, kapena eriyo yapanja yomangirira pa nsungwi pamwamba pa nyumba ya amene ali pachitunda, kuti akhale mkhalapakati wolandira uthenga n'kuupititsa kwa ena. Makampani ndi maofesi akuluakulu amaika ripita paphiri, makina olandira mawu pa tchanelo china n'kuwaponyanso pa china, koma imeneyo ndi ndalama zambiri komanso imafuna chilolezo chakechake. M'tchire ndi m'minda VHF imachitako bwino, pakati pa nyumba za njerwa ndi malata UHF ndiyo imalowa bwino.

Tsopano nkhani ya chinsinsi. Makodi amene wogulitsa akunenawo ndi CTCSS ndi DCS. CTCSS ndi kaphokoso kotsika kwambiri, pakati pa 67 ndi 254 Hz, kamene wayilesi yanu imatumiza limodzi ndi mawu anu. Wayilesi ya mnzanu ikamva kaphokoso komwe munagwirizana imatsegula sipika, ikapanda kukamva imangokhala chete; DCS nayo imachita zomwezo, koma ndi kodi ya manambala. Ntchito yake ndi yokhayo, kuti musamasokonezedwe ndi zolankhula za anthu ena pa tchanelo chomwecho. Mawu anu enieniwo amapita mumlengalenga osabisika. Zili ngati wolengeza uthenga wa amfumu ataima pachulu n'kutseka makutu ake ndi zala: iye sakumva za ena, koma mudzi wonse ukumumva. Aliyense wokhala ndi Baofeng ngati yanuyo, akazimitsa kodi pa yake n'kudina batani lofufuzira matchanelo, akupezani posachedwa ndipo amva zonse. Wakuba wokhoza kubwera ndi galimoto kudzanyamula ng'ombe sangalephere kugula kawayilesi kamene inu mwagula posonkherana. Ndiye taganizani mnyamata wanu akunena kuti, "Ife tonse tapita kumsika, kukhola kwa a gulupu kwatsala mmodzi yekha." Wakubayo mwamupatsa zonse, ndipo amene watsala yekhayo mwamuika pa ngozi.

Pali ma ovaova ena amene amapotoza mawu kuti azimveka ngati chibwibwi. Nawonso ndi osadalirika, chifukwa wayilesi ina ya mtundu womwewo imawawongola mosavuta. Kubisa kwenikweni kumapezeka pa mawayilesi a digito, monga a DMR opangidwa ndi Motorola kapena Hytera, pamene mawu amasandutsidwa manambala n'kukiyidwa ndi njira ngati AES-256. Koma dziwani kuti digito payokha si loko. DMR yosakiya imamvedwa ndi aliyense amene ali ndi wayilesi ya DMR. Ndipo mtengo wa zokiyazo si wa gulu la m'mudzi.

Za asilikali, wogulitsayo wangokukometserani malonda. Mawayilesi a asilikali a ku America otchedwa SINCGARS amagwira pakati pa 30 ndi 88 MHz, ndipo amadumphadumpha kuchoka pa tchanelo china kupita pa china maulendo oposa 100 pa sekondi imodzi, motsata ndondomeko imene mawayilesi a gulu lawo okha ndiwo akuidziwa. Pamwamba pa apo mawuwo amakhala okiya, ndipo makiyi amasinthidwa pafupipafupi. Nzeru yodumphadumphayi ndi yakale ndithu, wosewera m'mafilimu Hedy Lamarr ndi wopeka nyimbo George Antheil anapatsidwa chikalata cha umwini wa njira yawo m'chaka cha 1942. Asilikali sanafike pamenepa mwamasewera, anaphunzira ndi maliro. Mu Ogasiti 1914, pa nkhondo ya ku Tannenberg, asilikali a Russia ankatumiza malamulo awo pa wayilesi osabisa. Ajeremani ankangomvetsera, n'kudziwiratu kumene adani awo alowere, ndipo pafupifupi gulu lonse la asilikali a Russia amene anazingidwa kumeneko linathera pomwepo. Mu 2022 ku Ukraine zinachitikanso: asilikali ena a Russia ankalankhulana pa mawayilesi osakiya, anthu wamba n'kumajambula mawu awo ndi kuwaika pa intaneti. Ndipo ngakhale mawu akiyidwe chotani, wayilesi ikangolankhula imaulula pamene ili. Ndi eriyo yolozera mbali imodzi, anthu awiri oima malo osiyana amatha kulemba mizere pa mapu n'kupeza pomwe yakumana. N'chifukwa chake msilikali amaphunzitsidwa kulankhula mwachidule n'kukhala chete.

Chimenechi ndicho mungatengere kwa asilikali popanda kulipira kanthu, mwambo wa pakamwa. Pa wayilesi musatchule dzina la munthu, dzina la mudzi, kapena chiwerengero cha amene muli pamalo. Khalani pansi masana, anthu ochepa odalirika, mupatse malo aliwonse nambala kapena dzina lina, ndipo muzisintha mayinawo kawirikawiri, makamaka wina akatuluka m'gulu. Musadalire kuti mukalankhula Chichewa chozama kapena kuponyamo mawu a Chingoni ndiye mwabisa. Amereka anapambana ndi njira imeneyo pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse chifukwa Ajapani sankadziwa chilankhulo cha a Navajo, mtundu wa anthu a ku America amene ankatumiza mauthenga a asilikali pa wayilesi m'chilankhulo chawo, komanso a Navajowo anawonjezera mawu awo obisika pamwamba pake. Kwathu kuno wakuba amalankhula chimene inu mumalankhula, kaya wachokera mbali ino ya msewu kapena ku Angonia, ndipo nthawi zambiri amakhala ndi mnzake m'mudzi momwemo. Nkhani yokonzekera, monga ya kumene mukabisale usiku uno, ikambidwe pamaso kapena pa foni pamene netiweki ilipo. Mauthenga a WhatsApp ndi okiya kuyambira kwa wotumiza mpaka kwa wolandira chiyambire 2016, choncho pa chinsinsi amaposa ovaova wanu kutalitali. Wayilesi ikhale yoitanirana mwachangu basi.

Za chilolezo, musamvere wogulitsa, iye akalandira ndalama zake nkhani yatha. Mafunde a wayilesi m'dziko muno amayang'aniridwa ndi bungwe la MACRA pansi pa lamulo la zofalitsa mauthenga la 2016, ndipo ndi bungwe limeneli lomwe limagawa matchanelo ndi kupereka ziphaso. Chimene chimasokoneza anthu n'chakuti ku Ulaya kuli timawayilesi ta PMR446 ta theka la wati tosafuna chiphaso, ku America nakonso kuli ta FRS. Amenewo ndi malamulo a kumeneko, ndipo Baofeng ya mawati 5 ngakhale kumeneko siloledwa pa matchanelo amenewo. Vuto lake lalikulu n'lakuti imalola kulemba nambala iliyonse ya mafunde, ndipo matchanelo amene imabwera nawo kuchokera kufakitale ndi oyesera chabe. Mukhoza kupezeka mukulankhula pamwamba pa ambulansi, apolisi kapena alonda a kampani ina osadziwa. Mwachitsanzo 156.8 MHz ndi tchanelo choitanira thandizo sitima ikakhala pa ngozi, ndipo kali m'kati mwa mafunde amene kawayilesi kanu kamafika. Ndiye lemberani a MACRA monga gulu, muwauze mtundu wa mawayilesi, kuchuluka kwake ndi dera lanu, akuuzeni okha zoyenera. Pitaninso kupolisi ya kwanuko, kwa amene amayang'anira za chitetezo cha m'madera, pamodzi ndi amfumu, kuti adziwe kuti zida zimenezi zili m'manja mwa ndani. Munthu wopezeka usiku ali ndi ovaova popanda womudziwa amaganiziridwa zoipa msanga. Ndipo poti ku Lizulu msewu wa M1 ndiwo malire, musawoloke nayo wayilesi kupita tsidya la Mozambique. Chiphaso cha kuno sichigwira ntchito kumeneko, iwo ali ndi bungwe lawo la INCM.

Pali china chimene ndikupemphani ndi mtima wonse. Wayilesi imasonkhanitsa anthu mofulumira kwambiri, ndipo gulu la anthu okwiya usiku silichedwa kupha munthu, nthawi zina wosalakwa. Mugwirizane lisanafike tsikulo kuti mukagwira munthu, uthenga woyamba ukupita kupolisi, ndipo pakhale wamkulu mmodzi amene mawu ake pa wayilesi ndi omaliza.

Mng'ono wathu amene wafunsa m'munsimu ngati angamasewere nazo pongokonda, njira yake ilipo. Pali anthu padziko lonse okonda mawayilesi amene amatenga chiphaso chawochawo, n'kupatsidwa dzina loitanira. A ku Malawi mayina awo amayamba ndi 7Q. Pa mafunde a HF, amene amagunda mumlengalenga n'kubwerera pansi, amacheza ndi anzawo a ku Ulaya kapena ku Brazil popanda intaneti, ndipo ndi ka Baofeng komweko ukhoza kumvetsera International Space Station, siteshoni ya mumlengalenga yozungulira dziko imene mumakhala akatswiri, pa 145.800 MHz ikamadutsa pamwamba pathu. Koma pa mafunde a okonda mawayilesiwa kukiya mawu n'koletsedwa, aliyense amalankhula poyera.

Zing'onozing'ono zotsala: musadine batani lolankhulira eriyo isanamangidwe, mungawotche wayilesi. Igwireni choimika, dinani, dikirani kamphindi kenaka lankhulani, apo ayi mawu oyamba amaduka. Mmodzi akamalankhula ena onse adikire, chifukwa awiri akadina pamodzi palibe chomveka. Kumvetsera sikudya batire kwambiri, kulankhula ndiye kumaimaliza, ndipo kuzizira kwa Juni ndi Julaye kwathu kuno kumaifooketsa msanga, choncho muisunge m'kati mwa jekete. Poti magetsi sapanganika, pezani batire yachiwiri ndi potchajira pa sola.

Musagule zonse nthawi imodzi. A MACRA akakuyankhani, yambani ndi awiri. Wina aime kukhola, wina atsikire kudimba lakutali kwambiri, kenaka kuseri kwa chitunda chilichonse chimene mumalondera, masana ndi usiku womwe, muzilemba malo amene mukumvana ndi amene simukumvana. Mukapeza malo ogontha, yesani kuika munthu pachitunda chapakati muone ngati akumva mbali zonse ziwiri. Zotsatirazo mudzatiuze m'gulu muno, tidzathandizane kuona ngati mukufunika eriyo yapanja kapena mtundu wina wa wayilesi ndalama zotsalazo zisanatuluke m'thumba.