Kamtolo ka masamba onunkhira mu msuzi: yankho kwa achemwali a ku Nchalo

Achemwali ena a ku Nchalo andilembera pa imelo kuti anaona pa TV ophika akumanga timasamba ndi ulusi nkuponya mumpoto, ndiye akufunsa kuti ndi chani chimenechi, komanso kuno kwathu kotenthaku zingatheke?

Zikomo achemwali. Kaphikidwe kameneka ndi ka ku France, amakatchula bouquet garni, ndipo eni akewo amamanga zitatu: thyme, bay leaf ndi mapesi a parsley. Cholinga chake nchakuti fungo lilowe mu msuzi koma zinyalala zisatsalemo, poti bay leaf olo muphike maola 3 safewa, munthu akamupeza mkamwa nsima yonse imamukowa. Mukamapakula mumangokoka kamtolo konse nkutaya basi.

Tsono za kwathu kuno. Parsley ndi dzuwa la Okutobala sagwirizana, mukagula ku Blantyre pofika pa Thabwa wafota kale, ndiye ine sindivutika naye. Ndimatenga masamba a anyezi, tsamba limodzi kapena awiri a bay leaf wouma wa mugolosale, kajinja kotswanya, ndi lemongrass yemwe ambirife timangomudziwa ngati wa tiyi, ndipo tsamba lake lalitali lija ndi lomwe ndimamangira, ulusi osafunikanso. Mukafuna ulusi ukhale wathonje woyera, chonde osati chingwe chosolola pathumba la feteleza, chimenecho ndi pulasitiki. Thyme wouma ndi woyoyoka, mukulungeni pa kansalu koyera kochapa bwino, theka la supuni yaing'ono yakwana chifukwa wouma ndi waukali kuposa wamuwisi.

Pomwe kamtoloka kamaonetsa mphamvu ndi pa nyama ya mbuzi, ija yogula pa msika wa Ngabu yomwe imafuna kubwata pa mbaula maola awiri. Ikani kamtoloka madzi akangowira, muvundikire, moto ukhale wapansipansi, fungo la tonde lija limachepa ndithu ndipo msuzi umakhala wofuna nsima ya mapira. Nyemba chimodzimodzi.

Koma pa nsomba ndikuchondelereni. Makakana kapena mlamba wa mu Shire uli ndi kukoma kwake kale, mphindi 15 zokha ndi lemongrass pang'ono kenako chotsani. Ine ndinaiwala kamtolo mumpoto wa mlamba mpaka mmawa, potenthetsa msuzi unali wowawira, ana anangodya nsima ndi tomato, zinandipweteka mumtima. Ndiye ngakhale ndiwo zikugona, kachotseni madzulo omwewo musanavundikire.