"Ndimulande foniyo?" Yankho kwa mayi wa ku Ndirande

Mayi wina wa ku Ndirande wandilembera imelo. Akulera mwana wa malemu mchemwali wawo, mnyamata wa zaka 15 amene anakulira m'manja mwa bambo omupeza okonda kumenya. Pano amachezera pafoni mpaka atambala kulira, m'kalasi amangosinza. Funso lawo ndi lakuti: "Ndimulande foniyo?"

Mayi, ndatha masiku atatu osakuyankhani, chifukwa mnyamata ameneyo ndinali ine. Kungoti nthawi yathu kunalibe foni, kunali vidiyo sho. Ndinkakhala kwa amalume, ndipo akazi awo ankasunga kachidutswa ka paipi yakuda kuseri kwa chitseko. Mbale ikasweka, paipi. Ndiwo zikapserera, paipi. Ndinafika pozindikira kuti lero kuli moto pongomva mmene masilipasi awo akulirira pakhonde. Ndiye ndinkathawira kumsika, m'kachisakasa ka malata, pabenchi yothina, mumdima wonunkha thukuta ndi utsi wa chiwaya, kuonera makarate omwewomwewo mpaka mwini wake kutithamangitsa. Sikuti ankandikomera kwenikweni. Kumeneko kunalibe woitana dzina langa mokalipa, basi.

Anthu ankati vidiyo yandiononga. Palibe anafunsa chimene ndinkathawa.

Zimenezi zimandipsetsa mtima mpaka lero. Timakonda kunena kuti "ifenso tinakwapulidwa koma tinakula bwinobwino." Bwinobwino wake uti? Ine ndili ndi ana anga, koma chitseko chikamenyetsedwa mtima umadumphabe. Kafukufuku wa nkhanza kwa ana amene anachitika m'Malawi muno mu 2013 anapeza kuti anyamata pafupifupi awiri mwa atatu alionse, komanso atsikana awiri mwa asanu, anamenyedwapo mwankhanza asanakwanitse zaka 18. Ku America, a bungwe la boma loona zaumoyo la CDC ndi a zipatala za Kaiser Permanente anafunsa anthu oposa 17,000 pakati pa 1995 ndi 1997, ndipo anaona kuti amene anazunzika kwambiri ali ana ndiwo ankavutikanso kwambiri ndi matenda a maganizo, uchidakwa, ngakhale nthenda ya mtima atakula. Ndiye tisamanamizane kuti chikoti chimathera pakhungu.

Sindikuikira kumbuyo foni ayi. TikTok anaipanga kuti isakhale ndi pothera, ukamaliza kavidiyo kena kafika kale, pamene ife mwini vidiyo ankazimitsa jenereta n'kutiuza kuti kazipitani. Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO linavomereza mu 2019 kuti kukomedwa ndi magemu mopyola muyeso ndi vuto la umoyo. Zoona zimenezo. Koma kwa mwana wanuyo foni ndi chisakasa chake. Mukachigwetsa osamupatsa kwina kobisala, akapeza kwina yekha, ndipo ku Ndirande mukudziwa nokha kuti kachasu ndi chamba sizisowa.

Ine chinandichotsa kuvidiyo si mawu a munthu. Mphunzitsi wina anasowa wosewera kumbuyo pa timu ya sukulu, n'kundiloza ine chifukwa cha kutalika. Mpira sindinkautha, tinene zoona. Koma tikathamanga kuzungulira bwalo mpaka malaya kunyowa, usiku ndinkagona tulo tenitweni, osamvetsera masilipasi. Komanso kunali anyamata amene ndikajomba ankabwera kudzandifunsa. Mwina chachiwirichi n'chimene chinandithandiza kwambiri, kaya.

Nanga mutani?

Musalande. Gwirizanani naye kuti usiku foni izigona pabalaza, yanu yomwe, kuti asaone ngati ndi chilango. A WHO amati achinyamata azilimbitsa thupi ola limodzi patsiku, koma musayambire pamenepo. Mutumeni kumsika ayende wapansi, kapena pitani naye limodzi, nkhani zimatuluka bwino anthu mukuyenda kusiyana ndi mutamukhazika pampando n'kumuyang'ana m'maso. Asankhe yekha masewera, ndipo kuthamanga musakusandutse chibalo.

Akasiya kudya, akamadzitsekera masiku angapo, kapena akangotchula zakuti bola kufa, musadikire. Imbani 116, nambala yaulere yothandiza ana, kapena mupite naye ku chipatala cha Queens mukafunse aza matenda a maganizo. Za bambo omupezawo musamukakamize kufotokoza. Ine za paipi ija ndinayamba kuzinena ndili ndi zaka 30, ndipo woyamba kumva anali mkazi wanga.