Funso la cache ya kernel pa intavyu: mulikonzekere chonchi

Wophunzira wina wa sayansi ya kompyuta wafunsa kuti: "Ndikukonzekera intavyu ya ntchito yoyang'anira ma seva. Akandifunsa mmene kernel imasungira ma block a disiki mu RAM, ndiyankhe zotani?"

Kuloweza matanthauzo sikungakufikitseni patali. Wofunsayo akufuna kumva kumene data imadutsa. Pulogalamu ikafuna kuwerenga fayilo, kernel (mtima wa operating system, umene umalumikiza mapulogalamu ndi zipangizo za kompyuta) imayamba yayang'ana mu RAM, malo othamanga osungiramo data kwakanthawi. Ikapezamo chidutswa cha data chofunikacho (block), imachipereka pomwepo osakhudza disiki. Chikasowa, imakachitenga ku disiki n'kusungako kope. Pa Linux malo amenewa amatchedwa page cache, ndipo data imasungidwamo m'masamba (pages); tsamba limodzi nthawi zambiri limakhala la mabayiti 4096. Kernel ikaona kuti mukuwerenga motsatizana, imatengeratu zakutsogolo, kawirikawiri mpaka 128 KB.

Ambiri amakodwa pa nkhani ya kulemba. Pulogalamu ikauzidwa kuti write (lamulo lolemba data) yatheka, sikuti data yafika pa disiki ayi. Yangokhala mu RAM, tsambalo n'kuikidwa chizindikiro cha dirty, kutanthauza kuti lasinthidwa koma silinalembedwe pa disiki. Ngati simunasinthe kalikonse, Linux imadzutsa ntchito yolemba pa masekondi 5 alionse, n'kutumiza ku disiki masamba amene akhala dirty kupitirira masekondi 30. Magetsi akazima nthawiyo isanakwane, zomwe munalemba zapita basi. N'chifukwa chake ma database amaitana fsync, kuti adikire mpaka disiki itavomereza. Komanso masamba a dirty akafika 20 peresenti ya RAM yopezeka, pulogalamu yolembayo imadikiritsidwa, seva n'kuoneka ngati yauma.

RAM ikachepa, kernel imayamba kutaya masamba osasinthidwa amene papita nthawi asanagwiritsidwe ntchito. Choncho nambala yaikulu ya buff/cache pa lamulo la free -h si vuto. Muziyang'ana ya available.

Muyeseni nokha pa kompyuta yophunzirira, osati pa seva ya ntchito. Lembani time cat fayilo > /dev/null pa fayilo ya 1 GB, kawiri, muyerekeze nthawi. Kenako muli root (akaunti ya mphamvu zonse pa kompyutayo) lembani sync kuti zonse zilembedwe pa disiki, n'kutsatiza echo 3 > /proc/sys/vm/drop_caches kuti mufufute cache, mubwerezenso: liwiro lija latha. Mukamakopera fayilo yaikulu, onani mzere wa Dirty mu /proc/meminfo ukukwera n'kutsika.

Mukatero, werengani fayilo ya bio.c mu xv6, operating system yophunzitsira ya ku MIT. Ndi yaifupi, ndipo ma function ake a bread, bwrite ndi brelse akuonetsani loko amene amaletsa mapulogalamu awiri kusintha block imodzi nthawi imodzi.