Sienta ikumwa mafuta, ndisinthe ndekha oxygen sensor?

Funso lachokera kwa achimwene ena aku Lilongwe amene amayendetsa Sienta ngati taxi. Akuti check engine yayaka, galimoto inkayenda 12km pa lita koma pano 9km basi, makaniko wangomvetsera injini n'kunena kuti ndi oxygen sensor. Ndiye akufunsa ngati angasinthe okha kuti apulumutse ya labour.

Achimwene tiyambe ndi masamu kaye. Mukamayenda 150km patsiku, kale mumathira malita 12 ndi theka, pano pafupifupi 17, ndiye kuti malita 4 akungopsa tsiku lililonse, pa masiku 26 ogwira ntchito ndi malita oposa 100. Chulukitsani ndi mtengo wa petulo wa lero muone. Nkhaniyi siyodikira month end ayi.

Koma chimene chikundidetsa nkhawa ndi choti makanikoyo sanaike galimoto pa kompyuta. Ndalama zambiri sizipita pa labour, zimapita pogula sipeya yomwe sinali vuto. Lipirani diagnosis, akuuzeni code yeniyeni muilembe. P0135 ndi heater ya oxygen sensor yoyamba (masensawa alipo awiri pa ekizozi), P0141 ndi heater ya yachiwiri, apo yambani mwaona fuzi ndi mawaya chifukwa nthawi zina waya wangopsa pa ekizozi kapena makoswe adya. Ikatuluka P0171 musathamangire kugula, imeneyo ikungonena kuti mpweya wachuluka kuposa mafuta, mwina paipi ina yang'ambika ikulowetsa mpweya kapena MAF sensor, yoyeza mpweya wolowa mu injini, yada. P0420 nayo kawirikawiri imaloza catalytic converter (cat), yoyeretsa utsi mu ekizozi, makamaka ngati wina anaichotsa mkati muja.

Masensa amakhala awiri. Yoyamba ili cat isanafike ndipo ndi imene imauza kompyuta ya galimoto kuti ithire mafuta ochuluka bwanji, yachiwiri ili kuseri kwa cat, ntchito yake yaikulu ndi kuyang'anira cat yo. Ndiye pa nkhani ya mafuta diso likhale pa yoyamba. Pogula tengani chassis number kapena part number yolembedwa pa sensa yakaleyo, chifukwa ma Toyota ambiri yoyambayo imakhala ya air fuel ratio, imafanana maonekedwe ndi yawamba koma sizisinthana. Ine ndimalangiza Denso kapena NTK, pa shopu yopereka lisiti. Zotchipa zopanda dzina zija ndi zija zodula mawaya n'kulumikiza, pa galimoto ya bizinesi ayi ndithu, mugula kawiri.

Kusintha nokha n'kotheka. Pa injini ya 1NZ, yomwe ili mu ma Sienta ambiri, ekizozi ili kumbuyo kwa injini ndiye malo ndi opanikiza pang'ono. Mufunika socket ya 22mm yong'ambika m'mbali yodutsitsa waya. Thirani WD-40 usiku, m'mawa lizani injini mphindi zochepa ifunde osati kutentha, zimitsani, chotsani plug ya waya wa sensayo kaye kenako masulani. Yatsopanoyo yambani kuimanga ndi dzanja mpaka ilowe bwinobwino ndiye mumalize ndi sipanala, kunsonga kwake kusakhudze girisi kapena oyilo. Ngati mukulowa pansi, chonde musadalire jeke yokha, ikani ma stand, ana akukudikirani kunyumba.

Ikakana kumasuka siyani pomwepo mupite ku galaja. Mukaononga ma thread a pa manifold mulipira zambiri kuposa labour ija, kuphatikiza masiku amene taxi ikhale itaima osalowetsa kanthu.

Mukamaliza makaniko afufute code pa kompyuta, dzazani thanki, lembani ma km mu kope la bizinesi kwa sabata imodzi. Ikapanda kubwerera kufupi ndi 12km pa lita onetsani ma plug, air filter ndi mpweya wa matayala, ndipo mundilembere kuti code yatuluka iti.