Kodi mpingo ungasumire munthu woipitsa mbiri yake n'kulandira chipukutamisozi?

Mkulu wa mpingo wina wandilembera kalata pa imelo. Akuti munthu wina wakhala akulemba pa Facebook kuti mpingo wawo ndi wampatuko, ndiponso kuti ndalama zachakhumi zimathera m'matumba a atsogoleri. Funso lawo n'lakuti, kodi mpingo paokha ungapite kukhoti n'kulandira chipukutamisozi?

Bambo, yankho n'lakuti inde, ungathe. Koma pa zinthu ziwiri zimene mwatchulazo, khoti lingamvetsere chimodzi chokha.

Tiyambe ndi woimirira pamaso pa woweruza. Khoti limafuna wodandaula amene lamulo likumudziwa. Kuno ku Malawi mipingo yambiri inalembetsa pansi pa lamulo lotchedwa Trustees Incorporation Act, n'chifukwa chake pa zikalata za milandu mumaona mawu akuti "Registered Trustees" patsogolo pa dzina la mpingo. Ngati wanu unalembetsa, ungasume m'dzina lake. Ngati simunalembetse, ayenera kusuma ndi anthu amene anenedwawo, aliyense payekha.

Chachiwiri, zolembedwazo ziloze inuyo. Mu 1944, khoti lalikulu ku Britain linagamula mlandu wa Knupffer, mtsogoleri wa nthambi ya kagulu ka anthu ochokera ku Russia. Nyuzipepala inanyoza kagulu konseko osamutchula iye, ndipo iye atasumira nyuzipepalayo, sanapambane mlanduwo. Choncho wina akalemba kuti "mipingo ya masiku ano ndi yakuba," zimawawa ndithu, koma palibe mpingo umene ungapambane pa mawu amenewo.

Tsopano pamene pagona nkhani. Oweruza salowerera za chiphunzitso. Mipingo ya ku America yotsatira Witness Lee, mlaliki wochokera ku China, inaphunzira zimenezi pa milandu iwiri. Mu 1985 ku California, khoti linaipatsa madola 11.9 miliyoni chifukwa cha buku limene linaineneza zachinyengo ndi makhalidwe oipa, zinthu zoti umboni ungathe kutsimikiza kapena kutsutsa. Ngakhale apo, bungwe lina limene linasumiridwalo linali litalengeza kuti latha ndalama mlandu usanazengedwe. Patapita zaka, mipingo yomweyo inasumira kampani yosindikiza mabuku ya Harvest House, kufuna madola 136 miliyoni, chifukwa choikidwa m'buku lonena za magulu ampatuko. Mu 2006 khoti la apilo ku Texas linathetsa mlanduwo, likunena kuti kutchedwa wampatuko ndi nkhani ya chikhulupiriro, ndipo khoti silingaigamule. Ine ndikugwirizana nalo. Tsiku limene woweruza adzayambe kunena kuti chiphunzitso choona ndi ichi, chabodza ndi icho, palibe mpingo umene udzakhale pamtendere, wanunso womwe.

Nkhani ya chakhumi ndi ina. Kunena kuti atsogoleri akudya ndalama za mpingo n'kuwaneneza kuba, ndipo zimenezo khoti lingazenge. Komatu dziwani kuti woimbidwa mlandu akatsimikiza kuti zimene analemba n'zoona, wapulumuka. Loya wake adzaitanitsa mabuku a msungichuma, malisiti, zikalata za kubanki ndi maminitsi a misonkhano. Ngati pali chaka chimene chopereka cha Pasaka chinalembedwa pa kapepala kenako n'kusowa, chidzatuluka poyera, atolankhani ali chete kumvetsera. Musanapite kwa loya, khalani pansi ndi msungichuma wanu, mutsegule mabukuwo tsamba ndi tsamba.

Ndalama zambiri sizigula chipambano. Mu 1991 magazini ya Time inalemba nkhani yoopsa yokhudza Church of Scientology, mpingo wolemera wa ku America. Mpingowo unasuma mu 1992 kufuna madola 416 miliyoni. Mlandu unathetsedwa mu 1996, apilo inakanika mu 2001. Ku America gulu lotchuka liyenera kusonyeza kuti wolembayo ankadziwa kuti akunama, kapena sanasamale n'komwe ngati zili zoona, ndipo mpingowo unalephera kutero. Lamulo lathu linachokera ku Britain ndipo silivuta chotero, koma milandu imatenga zaka kulikonse.

Malangizo anga ndi awa, bambo. Jambulani zonse zimene zalembedwazo pamodzi ndi masiku ake, asanazifufute. Lembani ngati pali anthu amene achoka kapena othandiza amene aleka kupereka chifukwa cha nkhaniyi. Kenako loya amulembere munthuyo kalata yomuuza kuti achotse mawuwo ndi kupepesa poyera. Akakana, ndipo ngati mabuku anu ali bwino, sumani pa nkhani ya ndalama yokha. Abusa kapena msungichuma ngati anatchulidwa maina, iwonso angasume paokha, ndipo kawirikawiri mlandu wawo ndi umene umakhala wamphamvu kuposa wa mpingo.