Filimu yoopsa, yomvetsa chisoni, ya zii: kodi tikutanthauzanji?

Mafunso amene ndasankha ulendo uno onse akukhudza nkhani imodzi: zimene timanena tikangomaliza kuonera filimu, mnzathu n'kutifunsa kuti, "Inali bwanji?" Ena mwa mafunsowa ndawafupikitsa.

Kodi tiziti "filimu yabwino" kapena "filimu wabwino"? Nanga kanema?

Filimu ikakhala imodzi imatenga agwirizanitsi a gulu la I-Zi: filimu yabwino, filimu iyi, filimuyo inanditopetsa, ndaionera. Zikachuluka timati mafilimu, ndipo mgwirizanitsi amasintha: mafilimu abwino, mafilimu awa. Mayina ambiri obwereka amayenda choncho, monga vidiyo yatsopano, mavidiyo atsopano.

Kanema ndiye amapusitsa. Poti dzinali limayamba ndi ka-, wina angaliike m'gulu la Ka-Ti limodzi ndi kamwana ndi kanyumba, n'kumati "kanema kabwino". Ka- ameneyu si wochepetsa ayi, ndi wa dzinalo, ngati wa kalulu. Timati kanema wabwino, kanemayu, ndamuonera, makanema abwino. N'chifukwa chake pofupikitsa timati filimu njabwino koma kanema ngwabwino.

Matanthauzo akenso salingana ndendende. Kanema ndi wotakata: wailesi ya kanema, zimene taona pa kanema, ngakhale kanema wa masekondi ochepa wojambulidwa pa foni. Filimu nthawi zambiri ndi nkhani yathunthu yokhala ndi chiyambi ndi mathero. Mukafuna kuchepetsa kapena kunyoza, pamenepo ndiye ka- weniweni amabwera: "kafilimu kameneka". Mukati "chifilimu chimenechi!" nkhope yanu ndi imene inene ngati mukutama kapena mukudandaula.

Kuona filimu, kuonera filimu, kuonerera filimu: cholondola n'chiti? Ndipo kodi pamakhala w?

Kuonera. Kuona n'kungoti maso agwerapo; mukhoza kuiona filimu pa mndandanda koma osaionera. Kuonerera kuli ndi kafungo kena, ka munthu amene wangoima zinthu zikuchitika, osathandiza: "Ankamenyana, anthu akungoonerera." Pa mpira ndi pa magule oonerera aliponso, koma pa filimu "ndaonera" ndi amene amamveka bwino.

Za w, mupeza zonse ziwiri, kuonera ndi kuwonera, m'mabuku ndi m'nyuzipepala momwe. Malamulo a kalembedwe ka Chichewa anatuluka mu 1973 kuchokera ku Chichewa Board, n'kukonzedwanso mu 1980 ndi mu 1990, koma alembi sanafike pogwirizana onse. Sankhani kalembedwe kamodzi, musasinthesinthe m'nkhani imodzi.

Mnzanga anandilembera kuti "sindinaonere". Ine ndinamva kuti sanafune kuionera, pamene iye amatanthauza kuti adzaionerabe. Walakwa ndani?

Palibe. Mawu amenewa ndi awiri, kungoti polemba amaoneka ngati amodzi. Poyankhula, mukakweza mawu koyambirira, pa si-, mukunena za nthawi imene inadutsa: tsiku limenelo sindinaonere, basi. Mukayamba motsika n'kukweza kumapeto kokha, mukunena kuti mpaka pano simunaonere koma mwayi ulipo. Khutu limasiyanitsa lokha, koma kalembedwe kathu sikaonetsa kukwera ndi kutsika kwa mawu. Choncho pa uthenga wa pa foni onjezani kamawu kamodzi: "sindinaionerebe", "panopa sindinaionere", kapena mbali inayo "dzulo lija sindinaionere".

Pomwepo ndionjezepo china. Mukangodzuka kumene pa mpando, nenani kuti "yandisangalatsa", chifukwa chisangalalocho mukadali nacho. "Inandisangalatsa" kapena "idandisangalatsa" imakankhira zinthu kumbuyo. Ndipo "ndinaionerapo", ndi ka -po kameneko, ndi yankho la munthu amene sakufuna kuti muiikenso.

Ndikafuna kufotokoza filimu ndimangothera pa "inali yabwino" kapena "sinali bwino". Kodi Chichewa n'choperewera mawu?

Funso ili ndalikonda kuposa onse, ndipo yankho lake ndi ayi. Mukungofufuza pa malo olakwika.

Afotokozi enieni m'Chichewa ngowerengeka: -kulu, -ng'ono, -tali, -fupi, -wisi ndi ena ochepa. Pa filimu angokuthandizani kunena kuti ndi yaitali kapena yaifupi, n'kuthera pomwepo. Mphamvu ya chiyankhulo chathu ili mwa aneni, makamaka a msintho wochititsa. Kuseka kumabala kuseketsa, kutopa kumabala kutopetsa, kudabwa kudabwitsa, kukwiya kukwiyitsa, kuganiza kuganizitsa, kulira kuliza. Ndiye munthu wodziwa kucheza sataya nthawi kunena chimene filimuyo ili. Amanena chimene yamuchita. Tamverani awa:

"Aise, waionera ija?"

"Ndaionera usiku. Koyambirira inandigonetsa, ndinatsala pang'ono kuzimitsa. Koma pamene mayi uja anazindikira kuti kalata ija analemba ndi mwana wake yemwe, eee, ndinangoti kakasi. Mpaka pano ikundiganizitsabe."

Palibe pamene wanena kuti yabwino kapena yoipa, koma mwadziwa zonse: imayamba mozizira, ili ndi malo amodzi amphamvu, ndipo siichoka msanga m'mutu. Onaninso kamawu koti "ija". Wofunsayo sanatchule dzina la filimu, pakuti -ja amaloza chinthu chimene onse awiri akuchidziwa kale. Akanati "filimu iyo" bwenzi mnzakeyo atatembenuka kuyang'ana kumene akuloza.

Mtima nawo uli ndi mawu ake ambiri, ndipo sangolowana m'malo. Filimu yokhudza mtima imakumvetsa chifundo. Yogwira mtima imakukhutiritsa, umaona kuti zimene yanena n'zoona. Yotenga mtima imakukopa mpaka kuiwala kuti pali ntchito ikukudikira. Pamene zinthu zavuta ndipo sukudziwa ngati munthu uja apulumuke, mtima umakhala m'mwamba. Pamene ukudikira gawo lachiwiri, mtima umakhala dyokodyoko.

Kenako pali mvekero, umene anthu ambiri amausiya akayamba kulemba, ngati kuti ndi wa ana. Maso anali dwii pa kanema. Tinangoti kukamwa yasa. Filimu yake ya zii. Kamawu kakafupi ngati zii kanena zimene chiganizo chonse chikanavutika nazo: palibe chinalakwika kwenikweni, koma palibenso chinakoma.

Wina anandifunsapo ngati n'kololeka kunena kuti filimu "yokoma", poti kukoma n'kwa pakamwa. N'kololeka. Nyimbo imakoma, nkhani imakoma, macheza amakoma, ndipo munthu amakhala wokoma mtima. Mneni ameneyu anatuluka m'kamwa kalekale.

Mchemwali wanga anati filimu ina ndi "yoopsa". Ndinaipewa poti sindikonda za mizukwa, kenako ndinamva kuti ndi ya chikondi. Zimenezi zikutheka bwanji?

Zikutheka chifukwa kuopsa kuli ndi ntchito ziwiri. Yoyamba ndi ya mantha. Yachiwiri ndi yokuza chinthu: katswiri woopsa, wokongola koopsa, inakoma zoopsa. Mchemwali wanu ankatama. Mukafuna kuti pasakhale chisokonezo, ya mizukwayo itchuleni kuti yochititsa mantha, kapena nenani kuti thupi linachita tsemwe.

Alipo mawu ena awiri a khalidwe lomweli. "Yomvetsa chisoni" ikhoza kukhala filimu imene yakulizani, ikhozanso kukhala filimu yopangidwa mosalongosoka moti mukuwamvera chisoni amene anaipanga. "Yoseketsa" ikhoza kukhala ya nthabwala, kapena imene inkafuna kukuopsani koma inu n'kumangofa ndi phwete poona magazi ooneka kuti ndi utoto. Pocheza maso ndi maso, mawu ndi nkhope zimamasulira. Polemba, bwererani kwa mneni uja: "inandiliza" sangaimve molakwika munthu, chimodzimodzi "tinaseka mpaka nthiti kuwawa".

Kalembedwe kake samalani nako. Yoopsa ili ndi o awiri. Yo- woyambayo anachokera ku "ya ku-", monga yosangalatsa inachokera ku "ya kusangalatsa", ndipo o wachiwiriyo ndi wa tsinde lakuti -opsa. Mukalemba "yopsa" mwayandikira mneni wina, kupsa. Koma kupsa ndi mneni wa phatikizo limodzi, ngati kudya ndi kufa, ndipo aneni otere kawirikawiri safupikitsidwa: timati chakudya, wakufa, yakupsa. Achinyamata akamati filimu "yakupsa", kutanthauza kuti yafikapo, galamala yawo ili bwinobwino.

Kodi "yobowa", "ili bho" ndi "mbola" ndi Chichewa? Mwana wanga amangoyankhula zimenezi.

Kubowa ndi mawu obwereka ku Chingerezi, koma taonani mmene akhazikikira: yandibowa, ndaboweka, musatibowe. Mawu akafika potenga misintho ya aneni chonchi, ndiye kuti alowa m'nyumba, sakugogodanso. Ine sindiwathamangitsa. Chimene ndimadandaula n'chakuti kubowa kwayamba kumeza anzake. Filimu yotopetsa ndi yaitali mopitirira. Yogonetsa ilibe moto. Yonyansa ili ndi zinthu zimene maso akukana. Yosamveka mutu wake yasokoneza nkhani. Yokhumudwitsa inalonjeza zambiri. Mwana wanu akati zonsezi "yobowa", mufunseni kuti, "Yakubowa pati?" Mudzaona mawu enawo akutuluka okha.

"Ili bho" ndi "mbola" ndi za pa macheza a anthu a msinkhu umodzi, pamodzi ndi "yanyatwa" ndi "heve". Pa malo ake zilibe vuto. Mu chimangirizo cha kusukulu kapena poyankha agogo, ayi.

Apongozi anga anaikonda kwambiri filimu imene ine inanditopetsa. Atandifunsa maganizo anga ndinasowa chonena. Ndikanati chiyani popanda kunama?

Chichewa chili ndi zida zabwino za ntchito imeneyi, ndipo chachikulu ndi ka -ko. "Inatalika" ndi chigamulo. "Inatalikako pang'ono" ndi maganizo a munthu waulemu, ngakhale kuti mfundo yake ndi yomweyo. Chachiwiri, vutolo lisenzeni nokha: "Ineyo ndiye penapake sindinaitsatire bwinobwino." Apongozi amva kuti simunaikonde, koma simunanyoze kusankha kwawo. Chachitatu, tamani chimene chinalidi chabwino n'kusiyira pomwepo: "Koma nyimbo zake zija ndiye zinakoma." Munthu wamkulu amamva ndi zimene simunanene zomwe.

Palinso "bola". "Bola yoyamba ija" akunena kuti yachiwiriyi yagwa, koma mawu oti kugwa sanatuluke. Ndipo "imaonereka", ya msintho wochitika, ndi chitamando cha munthu amene sakufuna kutama: ukhoza kuionera mpaka kumapeto osavulala.

Chenjerani ndi "yabwinoko". Ambiri amaiyesa chitamando chofewa, koma imayerekeza. Mukauza apongozi kuti filimu yawo ndi yabwinoko, akhoza kufunsa kuti, "Kuposa iti?" Ndipo musaiwale kuti kwa iwo funso ndi "Mwaiona bwanji?", osati "Waiona bwanji?" ngati mukucheza ndi mnzanu wa pa ubwana.

Munthu amene nkhani yonse ya mufilimu ikuzungulira pa iye timamutcha chiyani?

Kusukulu, pa phunziro la zamalembedwe, mumamva zakuti mtengambali wamkulu kapena mpangankhani wamkulu, ndipo pamene nkhani yafika pothina penipeni amati pampondachimera. Mawu amenewa amagwira bwino ntchito pa filimu, makamaka polemba. Pa macheza anthu amati mwini filimu, n'chifukwa chake mumamva nthabwala ija yakuti mwini filimu safa. Ena amasokoneza mwini filimu ndi amene anaipanga kapena kuilipirira ndalama, choncho mukamalemba za opangawo atchuleni ndi ntchito yawo: wolemba nkhani, wotsogolera, wojambula.

Wosewerayo ndi munthu wina, mtengambali ndi munthu winanso. "Ndinadana naye bambo uja" n'kutama wosewera, pakuti wakwanitsa kukudanitsani ndi munthu wongopeka. "Sanasewere bwino" ndiye kudzudzula. Mukamanena za wosewera wachikulire amene mumamulemekeza, kusiyana kumaonekera pa nthawi yangothayi: mnyamata uja wasewera bwino, koma mayi aja asewera bwino. Mukapita ku nthawi yakale kusiyanako kumabisala, poti onse "anasewera", ndiye ulemuwo umatsalira pa "uja" ndi "aja".

Wofunsa yemweyu anafunsanso mmene angaletsere mnzake amene amakonda kufotokoza mmene filimu yathera. Kwa mnzanu, "Usandiuze mathero, sindinaionerebe" yakwana. Kwa wamkulu, "Musandiululire, ndikufuna ndikadzionere ndekha."