Tengani Hoka Speedgoat, koma yokulirapo pang'ono

Achimwene, mwafunsa za nsapato yothamangira mtunda wautali wa m'mapiri. Ine ndingasankhe Hoka Speedgoat, saizi yokulirapo pang'ono kuposa yomwe mumavala masiku onse. Phazi limatupa mukathamanga maola angapo, ndipo potsetsereka zala zimagunda kutsogolo mpaka zikhadabo kuda bii. Mkati mwa nsapatoyi ndi mofewa, komanso mphira wa kunsi kwake, wa kampani ya Vibram, umagwira bwino pa miyala ngati ya ku Mulanje. Vuto lake n'lakuti phazi limakhala m'mwamba, ndiye mukaponda mwendo mopendekeka n'kosavuta kubinya kakolo. Yambani kuizolowera pa mitunda yaifupi.

Za pakaunjika samalani nazo, zambiri siponji yake imakhala itafa kale ngakhale kunja zikuwala.

Ngati bondo kapena chidendene chimakupwetekani kale, kaonaneni kaye ndi adokotala a mafizo musanagule.